Ndisiye ntchito kuti ndizingoimba ng'oma mu bandi ya punk?

Uthenga uwu wachokera kwa mnyamata wina amene ali ku Joni, ndangoufupikitsa pang'ono:

"Akulu moni. Ndili ndi zaka 23, kwathu ndi ku Ndirande koma pano ndikugwira ntchito mu shopu ya hadiweya ku Johannesburg. Ng'oma ndinaphunzirira ku tchalitchi ndili mwana. Miyezi yapitayi anzanga ena kuno anandikokera mu bandi yawo ya punk rock ndipo kunena zoona sindinamvepo kukoma ngati mmene ndimamvera tikamaimba. Vuto ndi loti nyimbo zake ndi zothamanga zedi, tikafika pa nyimbo yachisanu dzanja lamanja limauma, pamfundo pamawawa, ndipo ndikabwerera kunyumba m'makutu mumalira mpaka m'mawa. Anzangawo akuti tonse tisiye ntchito tilimbikire za bandi. Mayi kumudzi akuti ndapenga. Kodi oimba ng'oma za punk moyo wawo umatha bwanji? Munthu angadyerepo?"

Achimwene, choyamba mtima pansi, simunapenge ayi. Kukoma mukunenako ndi kwenikweni, aliyense amene anakhalapo kumbuyo kwa ng'oma bandi ili pa sipidi amakudziwa, ndipo za dzanja ndi makutuzo pali chochita bola muyambe pano osati chaka chamawa. Ine ng'oma ndaimba zaka zambiri, m'mabala, m'maukwati, mu situdiyo, ndaphunzitsanso achinyamata ambiri, nde ndikuyankhani mmene ndikanamuyankhira mng'ono wanga wa bere limodzi. Kuimba pitirizani. Koma ntchito musasiye panopa. Chifukwa chake muchiona nokha ndikakufotokozerani za anthu amene anadutsa njira imeneyi inu musanabadwe.

Tiyambe ndi Tommy Ramone, woimba ng'oma wa bandi ya Ramones, poti kaimbidwe kakukuumitsani dzanjako kanatchuka ndi iyeyu. Anabadwira ku Budapest, dziko la Hungary, mu 1949, makolo ake anasamukira ku America mu 1957 ndipo anakulira ku Forest Hills mu mzinda wa New York. Pamene bandi ya Ramones imayamba mu 1974 iye sanali woimba ng'oma nkomwe, pulani inali yoti akhale manijala. Ng'oma ankaimba Joey, koma Joey atapita kutsogolo kukagwira maiki panafunika munthu wina, anthu amabwera kudzayesedwa Tommy nkumawasonyeza kuti ayi imbani chonchi, imbani chonchi, mpaka anzake anangoti bwanji ungokhalapo iweyo. Kaimbidwe kake kanali kopanda zokometsera zambiri, dzanja lamanja likugunda hi-hat (timbale tiwiri tachitsulo tophatikizana) osapuma, sineya (ng'oma yaing'ono yapakati) pa biti yachiwiri ndi yachinayi, basi, ndipo chimbale chawo choyamba cha 1976 chili ndi nyimbo 14 zomwe zonse pamodzi zimatha mu mphindi 29. Koma taonani, munthu ameneyu anaimba zimbale zitatu zokha za mu situdiyo ndipo mu 1978 anatsika pampando chifukwa maulendo anamutopetsa, nkubwerera ku ntchito yojambula nyimbo mu situdiyo imene ankaidziwa kale. Zaka zinayi zokha pa ng'oma. Chinamupatsa poyambira atachoka ndi luso lachiwiri lija.

Amene analowa m'malo mwake ndi Marky Ramone, woimba ng'oma wamphamvu kwambiri, koma mu 1983 anachotsedwa chifukwa cha mowa. Kenako kunabwera Richie Ramone, anaimba mashoo mazanamazana, analembako ngakhale nyimbo zina, koma mu 1987 anachoka atakangana ndi anzake pa nkhani ya ndalama za matisheti, iye amafuna gawo lake eni bandi nkumakana. Marky anabwerera chaka chomwecho atasiya mowa ndipo anakhalapo mpaka bandi inatha mu 1996. Ramones inaimba mashoo 2,263 pa zaka 22, lero matisheti awo amavalidwa paliponse olo ndi anthu oti nyimbo zawo sanazimvepo, koma chimbale choyamba chija chinadzakwanitsa makope 500,000 ku America mu 2014, patatha zaka 38, anzake oyambitsa bandi Joey, Dee Dee ndi Johnny onse atamwalira kale, ndipo Tommy naye anamwalira chaka chomwecho. Iyi ndi bandi imene aliyense wa punk amaitchula ndi ulemu. Nde anzanu akamati tisiye ntchito muziwafunsa kuti lendi ya mwezi wamawa ichokera pati.

Nkhani ya Richie ija ndikufuna muigwiritse chifukwa ndi pamene ife oimba ng'oma timaluzira kwambiri. Ndalama ya nyimbo imayenda njira ziwiri, ina imapita kwa amene analembedwa kuti ndi wopeka nyimbo, ina kwa amene anaimba nawo pojambula. Nthawi zambiri amene amalembedwa ngati wopeka ndi uja anabwera ndi mawu ndi chuni, wa ng'oma olo biti yake ndi imene ikuvinitsa anthu dzina lake silikhalapo pokhapokha ngati munagwirizana. Zimbale zoyambirira za Ramones nyimbo zimalembedwa kuti ndi za bandi yonse, a Sex Pistols nawonso ankalemba maina a anthu onse anayi kuphatikizapo Paul Cook wa ng'oma, nde simukupempha chachilendo mukanena kuti tigawane. Kambiranani panopa pamene palibe ndalama iliyonse, mitima ikadali yofewa, ndipo mulembe papepala aliyense asayine: magawo a nyimbo, ndalama ya pakhomo, matisheti, komanso zowonongeka. Izi zomalizazi anthu amaziiwala. Wa gitala akadula waya ndi ndalama yochepa, inu timitengo tikuthyoka sabata ndi sabata, zikopa zikutha, mbale yachitsulo ya cymbal ikang'aluka ndi theka la malipiro a mwezi, ndipo katundu wambiri pa thiransipoti ndi wanu. Pakhale kathumba ka bandi kothandizira zimenezo. Mukayamba kujambula kalembetseni ku SAMRO, amene amaona za opeka nyimbo, ndi ku SAMPRA, amene amaona za oimba pa nyimbo zojambulidwa. Kwathu ntchito yotereyi imagwiridwa ndi COSOMA.

Tsopano Topper Headon wa The Clash ya ku London. Kwa ine uyu ndi amene anali ndi dzanja labwino kuposa onse a nthawi imeneyo, ndipo nkhani yake imandiwawa mpaka lero. Analowa mu bandi mu 1977 atachokera ku jazi ndi soul, nde amatha kuimba rege, funk, chilichonse, ndipo ndi iyeyu amene anapangitsa kuti The Clash ikule kupitirira nyimbo zothamanga zokhazokha. Nyimbo ya Rock the Casbah chuni chake anapeka ndi iye, ndipo pojambula anaimba yekha ng'oma, piyano ndi bezi gitala. Koma pofika 1982 mankhwala ozunguza bongo a heroin anali atamugwira, anzake anamuchotsa mwezi wa Meyi chaka chimenecho, ndipo nyimbo ija imadzatchuka ku America iye ali panja, pa vidiyo yake pampando wa ng'oma pali munthu wina. Pambuyo pake anakalowa ku ndende pa mlandu wokhudza mankhwala omwewo, anayendetsako takisi ku London kuti apeze ya tsiku limenelo, ndipo zinamutengera zaka zambiri kuti asiye. Anasiya ndithu ndipo iye mwini amafotokoza poyera mmene zinamuwonongera, koma zaka zake zamphamvu zinapita.

Ndikudziwa munena kuti ine za mankhwala ayi. Chabwino, koma aliyense amayamba akunena choncho. Mmene zimalowera ndi mophweka, malo ambiri oimbira punk ndi mabala, mwini bala m'malo mwa ndalama amakupatsani mowa waulere, mukumaliza kuimba pakati pa usiku thupi likadali lotentha tulo osabwera, mawa lake ntchito 7 koloko, wina nkukuuzani kuti tenga aka kakupatsa mphamvu, tenga aka ugone. Wa gitala ataledzera pang'ono anthu sangadziwe, koma wa ng'oma akangoledzera bandi yonse imapendama ndipo woyamba kuchotsedwa ndi iyeyo, chifukwa eni bandi amaona ngati wa ng'oma ndi wosavuta kusintha. Lamulo limene ndimapatsa ana anga onse a ng'oma ndi loti musanaimbe muzimwa madzi okha. Tsiku limene mudzaone kuti simungakwere pa siteji osamwa kaye, kapena mukubisa kuchuluka kwa zimene mukumwa, limenelo ndi tsiku lofuna thandizo, ndipo ku South Africa kuli bungwe la SANCA lomwe ntchito yake ndi imeneyi, olo ku kiliniki yapafupi akhoza kukulozerani.

Alipo amene zinawayendera, ndipo mukawayang'ana bwino onse ali ndi chinthu chofanana. Terry Chimes, amene anaimba ng'oma pa chimbale choyamba cha The Clash ndipo anabwereranso Topper atachotsedwa, anapita kusukulu nkukhala dokotala woongola misana, ng'oma nkumaimba pamene wafuna. Bill Stevenson wa Descendents, yemwe anaimbanso mu Black Flag, amalemba nyimbo yekha ndipo mu 1994 iye ndi anzake anatsegula situdiyo ya The Blasting Room ku Fort Collins, Colorado, kumene mabandi ambiri a punk amakajambulira, nde olo pamene anadwala kwambiri mpaka kuchitidwa opaleshoni ya chotupa m'mutu mu 2010, anali ndi pobwerera. Paul Cook bandi ya Sex Pistols imatha mu Januwale 1978 iye ali ndi zaka 21 zokha, chimbale cha mu situdiyo chimodzi basi, ndipo mbali yaikulu ya moyo wake wotsatira wakhala woimbira mabandi ena ndi oimba ena mwakachetechete. Travis Barker wa blink-182, amene achinyamata ambiri mumamuonera pa YouTube, asanatchuke ankagwira ntchito yotola zinyalala ku Laguna Beach, analowa mu bandiyo mu 1998 ndipo chaka chotsatira anatsegula kampani ya zovala, kenako nkumajambula ndi oimba hip hop. Naye moyo wa maulendo unamupweteka, mu 2008 ndege imene anakwera inachita ngozi ku South Carolina, anthu anayi anafa, iye anapsa thupi kwambiri ndipo sanakwerenso ndege mpaka 2021. Mwa onsewa palibe amene anadalira bandi imodzi yokha, aliyense anali ndi chachiwiri.

Wina akakuuzani kuti punk ndi za azungu musamumvere. Bad Brains ya ku Washington, imene mabandi ambiri othamanga anaphunzirirako sipidi, ndi ya anthu akuda ndipo wa ng'oma wawo Earl Hudson anayambira ku jazi. D.H. Peligro wa Dead Kennedys analinso wakuda. Mu mzinda mukukhalamo momwemo munali National Wake, inayamba mu 1978 nthawi ya tsankho, azungu ndi akuda mu bandi imodzi pamene boma silimafuna kuona zimenezo, ng'oma akuimba Punka Khoza mchimwene wake Gary ali pa bezi gitala. Anatulutsa chimbale chimodzi mu 1981, apolisi amawavutitsa, ndipo posakhalitsa bandi inatha. Masiku ano ku Soweto kwatuluka mabandi ngati TCIYF. Nde malo anu alipo. Koma msika wake ndi waung'ono achimwene, amene amabwera ku mashoo ndi anthu omwewomwewo, ndipo ndalama ya pakhomo mukagawana anthu anayi mutachotsa ya thiransipoti nthawi zambiri imatsala ya chakudya cha usiku umenewo.

Palinso china chimene anzanuwo mwina sichikuwakhudza ngati ali eni dziko. Inu ndinu mlendo, ngati mapepala anu akudalira ntchito imene mukugwirayo ndiye kuisiya ndi kudziika pa mavuto oposa a lendi, ndipo ndikukhulupirira kuti kumudzi mayi amayembekezerako kangachepe. Muyeso wanga ndi uwu, muzilemba mu kabuku ndalama iliyonse imene ng'oma yakupatsani ndi iliyonse imene yakudyerani. Ikadzafika poti kwa miyezi isanu ndi umodzi yotsatizana yotsala ikukwana lendi, chakudya ndi ya kumudzi, komanso muli ndi yosunga ya miyezi itatu, pamenepo tidzakambirane za kusiya ntchito. Ndipo kuti ifike pamenepo sidzakhala ya punk yokha. Ku tchalitchi musasiye, maukwati musakane, phunzirani kuimba ndi kiliki (kaphokoso kosunga sipidi ya nyimbo) m'makutu kuti a situdiyo azikuitanani, phunziraninso kujambula pa kompyuta. Za ku tchalitchizo musaziderere, amene anaphunzira kumvetsera kwaya ndi kutsitsa mphamvu m'busa akamalankhula ali ndi khutu limene anyamata ambiri a punk alibe, ndipo mabiti a kwathu ngati manganje mukawalowetsa mwanzeru bandi yanu idzamveka mosiyana ndi ena onse. Mayi auzeni zoona zake, kuti ntchito ilipo simunasiye, ng'omazi mukuimba madzulo ndi pa wikendi. Mantha awo ali pa njala ndi uchidakwa osati pa ng'oma.

Tibwere ku dzanja. Kuuma pa nyimbo yachisanu pafupifupi nthawi zonse kumabwera chifukwa chofinya kamtengo kwambiri ndi kumenya ndi mkono wonse kuchokera paphewa. Nyimbo za ku tchalitchi zimakulolani kutero chifukwa pali popumira, koma punk imayenda pa mabiti 170, 180 mpaka 200 pa mphindi ndipo dzanja lamanja likugunda kawiri pa biti iliyonse, palibe mnofu umene ungapirire ukakhala wokungika. Muonereni mayi wodziwa kusinja, munsi saukakamiza, amaukweza nkuulola ugwe ndi kulemera kwake ndipo ukamadumpha iye amangoulandira, nchifukwa chake amatha mtondo wonse pamene mwana wamphamvu zake watopa kalekale. Kamtengo nakonso kamadumpha kokha kakagunda, ntchito yanu ndi kukalola. Gwirani momasuka pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, zala zinazo zizithandiza kukabweza, mfundo ya dzanja iziyenda ngati mukugogoda chitseko, phewa likhale pansi. Fufuzani njira yotchedwa Moeller, imaphunzitsa kutulutsa kugunda kuwiri kapena kutatu pa kukweza dzanja kumodzi, ndipo ndi imene imapulumutsa anthu pa hi-hat yothamanga.

Pulakatisi yake ndi yotopetsa koma imagwira. Ikani metronome (kapulogalamu kogunda biti pa sipidi imene mwasankha) pa foni, yambani pa 120, imbani biti imodzi yokha kwa mphindi zitatu osaima osakometsera. Ngati mwamaliza dzanja lili lofewa onjezerani 5. Pamene mwamva kuti mwayamba kukunga, imani, bwererani m'mbuyo, khalani pamenepo masiku angapo. Mphindi 20 tsiku lililonse zimaposa maola anayi a Loweruka lokha. Onaninso mpando, ntchafu zizitsetsereka pang'ono kupita kumaondo, hi-hat isakhale pamwamba moti mukukweza phewa, ndipo ngati mukuimba ndi timitengo tonenepa poganiza kuti punk imafuna zimenezo bwererani pa timitengo tapakatikati ta saizi ya 5A kaye. Musanakwere pa siteji tenthetsani manja mphindi 10 pa raba kapena pa pilo. Ndipo thupi lonse lizikhala lolimba, mu 2008 akatswiri a ku mayunivesite a Chichester ndi Gloucestershire ku England anatulutsa zimene anapeza atamuyeza Clem Burke, woimba ng'oma wa bandi ya Blondie, mtima wake pa shoo umagunda pakati pa 140 ndi 150 pa mphindi, nthawi zina kufika 190, zofanana ndi osewera mpira. Nde kuthamanga m'mawa, kumwa madzi ndi kugona mokwanira ndi mbali ya ntchitoyi.

Kutopa kwa mnofu kumatha mukapuma. Koma ngati pamfundo pakuwawa ngakhale simukuimba, kapena patupa, kapena padutsa masabata awiri mukupuma osasintha, pitani ku kiliniki mupemphe kuonana ndi a fizo, akatswiri a minofu ndi mfundo. Mukayamba kumva dzanzi pa chala chachikulu, cholozera ndi chapakati makamaka usiku, kapena zinthu zikumakupulumukani m'manja, musadikire nkomwe chifukwa zimenezo zimasonyeza kuti mtsempha ukufinyika. Ndipo chonde musamamwe mapilisi opha ululu kuti mukwanitse shoo, ululu umabisika koma chovulalacho chimapitirira kukula. Kumbukiraninso kuti mu hadiweya mumanyamula simenti ndi zitsulo tsiku lonse, dzanja lomwelo, nde a fizo muwauze zonse ziwiri.

Makutu ndi amene akundidetsa nkhawa kuposa zonse mwalembazi. Dzanja limachira, koma timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Kulira mukumva mpaka m'mawako ndi chenjezo loti phokoso linapitirira muyeso, panopa kukumasiya, koma mukapitiriza tsiku lina kudzayamba osasiyanso, ndipo ndikudziwa oimba angapo amene amagona ndi wailesi yoyatsa chifukwa kukakhala zii kulirako kumawasowetsa mtendere. Akatswiri amati phokoso la madesibo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 85 munthu angakhalemo maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati, nde pa 100 mwatsala ndi mphindi 15 zokha. Ng'oma zomenyedwa mwamphamvu zimapitirira 100 mosavuta, kuonjezera magitala mu galaja ya simenti ndiye zimanyanya. Mwayi wanu ndi woti mankhwala ake ali pa shelefu mu shopu mukugwiramo, timapulagi ta siponji ta m'makutu tija amagula a zomangamanga. Yambani nato pa pulakatisi yotsatira, tipotoleni bwino tilowe mkati, ndipo muzivala pa pulakatisi paliponse, pa shoo, ngakhale pamene mukuonera mabandi ena. Poyamba mudzamva ngati nyimbo yafa, pakatha masabata angapo mudzazolowera ndipo mudzayamba kumva kiki yanu, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi ija, bwino kuposa kale. Ndalama ikapezeka gulani ta oimba, timatsitsa phokoso mofanana osabisa mawu. Mu galajamo pachikani mabulangete, pansi yalani kapeti, ndipo a magitala atsitse, ma amp asalozetse kumutu kwanu.

Poti kulirako kwachitika kale kangapo, pitani mukayezetse makutu kwa dokotala wa makutu kuti mudziwe pamene muli, kenako muzibwereza chaka ndi chaka. Ngati kulirako kwadutsa masiku angapo osasiya, kapena kuli khutu limodzi lokha, kapena kukubwera ndi chizungulire, pitani msanga. Ndipo mukadzadzuka tsiku lina khutu limodzi litangotseka mwadzidzidzi osamva, limenelo ndi la tsiku lomwelo kuchipatala, chifukwa thandizo lake limagwira bwino m'masiku oyambirira okha.

Mukapeza mpata uzani mnzanu akujambuleni kavidiyo ka mphindi imodzi chapambali, dzanja lamanja ndi phewa zizioneka, mukuimba nyimbo imene imakuumitsani ija, munditumizire ndione pamene mukukungira.